Mafunso a Awerengi: Opaleshoni Yokweza Mabere ndi Malo a Nkhumbu

Mwezi uno tsamba la zaumoyo lalandira makalata anayi ochokera ku Dedza ndi ku Ntcheu amene onse akukhudza nkhani imodzi, nkhani imene amayi amaikamba monong'ona pamjigo kapena pobwerera kumsika koma siifika kawirikawiri m'chipinda cha dokotala. Ndi nkhani ya mabere amene agwa komanso opaleshoni yowakweza, makamaka chimene chimachitikira nsonga ya bere, imene ambiri timaitcha nkhumbu. Mayina a eni makalata tawabisa monga timachitira nthawi zonse, ndipo makalata aatali tawafupikitsa.

FUNSO

Ndine mayi wa zaka 43, ndili ndi ana anayi, ndipo wotsiriza analeka kuyamwa zaka zisanu zapitazo. Ndimagulitsa mbatatesi ndi kabichi pamsika wa Lizulu. Mabere anga anagwa kwambiri moti nkhumbu zimaloza pansi, ndipo nyengo yotentha khungu la kunsi kwa mabere limasupuka ndi thukuta. Mng'ono wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg akuti kumeneko kuli opaleshoni yokweza mabere ndipo akufuna kundithandiza ndalama. Chimene chikundiopsa n'chakuti ndinamva kuti madokotala amadula nkhumbu n'kuiika m'mbale, kenako n'kuisokerera pamwamba. Kodi n'zoona? Nanga malo oiikapo amawadziwa bwanji, ndipo kodi imamvabe ikakhudzidwa?

Mayi wa ana anayi, Lizulu

YANKHO

Mayi, zimene munamvazo zili ndi pochokera pake, koma si mmene opaleshoni yokweza mabere imachitikira nthawi zambiri. Pa opaleshoni imeneyi, imene madokotala amaitcha mastopexy, nkhumbu siichotsedwa pa bere. Dokotala amacheka khungu m'mphepete mwa bwalo lakuda limene lazungulira nkhumbu, n'kuisiya nkhumbu ili chilumikizire ku mnofu wa bere umene uli pansi pake, chifukwa mu mnofu umenewo ndi mmene mumadutsa mitsempha ya magazi, mitsempha ya kumva kukhudza ndi tinjira ta mkaka. Akatero amakweza nkhumbuyo pamodzi ndi mnofu wake mpaka pamalo atsopano, amachotsa khungu limene linatanuka n'kutsala lambiri, kenako amasoka. Inu amene mumakhala pakati pa alimi a ndiwo zamasamba mukudziwa kusiyana kwa kuzula mbande ya kabichi n'kukaiwokera kwina, ndi kudzutsa tomato amene wagona pansi n'kumumangirira pa kamtengo mizu ili m'nthaka momwemo. Opaleshoniyi ikufanana ndi kumangirira tomato.

Njira yochotseratu nkhumbu n'kuisokereranso ilipo ndithu, ndipo dokotala wa ku Chicago, Max Thorek, anaifotokoza kale mu 1922. Imagwiritsidwa ntchito makamaka pochepetsa mabere aakulu kwambiri, pamene nkhumbu iyenera kuyenda mtunda wautali moti magazi sangathe kuifika kudzera mu mnofu wotsalawo. Mayi amene wachitidwa njira imeneyi sangayamwitsenso, kumva kwa nkhumbu kumachepa kwambiri, ndipo kwa ife akhungu lakuda nkhumbuyo imatha kutuwa m'malo ena. N'chifukwa chake funso loyamba lofunsa dokotala ndi lakuti nkhumbu yanu idzakhala yolumikizika kapena ayi, ndipo yankho lake mulimve musanasaine pepala lililonse.

Madokotala poyeza kugwa kwa bere sayang'ana kukula kwake kapena kufota kwake, amayang'ana pamene pali nkhumbu. Kunsi kwa bere lililonse kuli khwinya pamene bere limakumana ndi chifuwa, ndipo khwinya limenelo silisuntha kwenikweni ngakhale bere litagwa chotani. Mu 1976 dokotala wa ku Montreal m'dziko la Canada, Paule Regnault, anagawa kugwa kwa mabere m'magawo atatu potengera khwinyali, ndipo magawo akewo akugwirabe ntchito mpaka lero. Nkhumbu ikakhala pa mzere umodzi ndi khwinya, bere langogwa pang'ono. Ikatsika kupitirira khwinya koma ikuyang'anabe kutsogolo, lagwa pakatikati. Ikakhala kumapeto kwenikweni kwa bere n'kumaloza pansi, monga mukufotokozera inu, limenelo ndi gawo lachitatu. Palinso amayi ena amene mnofu wa bere unatsika koma nkhumbu idakali pamwamba pa khwinya. Amenewo nkhumbu yawo siifunika kukwezedwa kwambiri, ndipo dokotala amene angaikweze mosaganiza bwino wawawonongera.

Malo atsopano a nkhumbu amasankhidwa munthu ali maso ndiponso ali chiimire, asanalowe m'chipinda cha opaleshoni, chifukwa mayi akagona chagada mabere amapendekera m'mbali ndipo miyeso yonse imasokonekera. Dokotala amatenga cholembera ndi tepi yonga ya telala, amapisa chala m'khwinya lija, n'kulemba kadontho kutsogolo kwa bere pamene chalacho chikuloza. Pafupi ndi kadontho kameneko ndi pamene nkhumbu idzakhale. Amatsimikizanso poyeza kuchokera pa kadzenje ka m'munsi mwa khosi, pamene mafupa awiri a m'mapewa amakumana, kukafika pa kadonthoko. Mabuku ambiri amapereka masentimita 19 mpaka 21 pa mtunda umenewu, ndipo nambala ya 21 imachokera makamaka ku miyeso imene dokotala wa ku Johannesburg komweko, Jack Penn, anafalitsa mu 1955 atasankha kagulu kochepa ka amayi amene iye anaona kuti mabere awo anaima bwino. Ine nambala imeneyi sindiiona ngati lamulo. Telala wabwino sasoka bulauzi ya mayi wamtali, wa chifuwa chotakata, ndi miyeso ya kamtsikana kowonda, ndipo dokotala wodziwa ntchito amatsata khwinya ndi thupi la munthu amene waima patsogolo pake kuposa nambala ya m'buku.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse kwambiri. Amayi ambiri akafika kwa dokotala amapempha kuti nkhumbu ikwere kwambiri monga inalili ali anamwali, ndipo amakhumudwa akaona kadontho kaja kali m'munsi kuposa mmene ankaganizira. Dokotala wanzeru amaika nkhumbu pansiko pang'ono mwadala, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, m'miyezi yotsatira opaleshoni bere limakhazikika, mnofu umatsikira kunsi n'kudzaza mbali ya m'munsi, ndipo nkhumbu imene inkaoneka yapakati imayamba kuoneka yokwera. Chachiwiri n'chakuti nkhumbu yotsika ingathe kukwezedwanso ndi kaopaleshoni kakang'ono, pamene nkhumbu yokwera mopitirira ndi yovuta kwambiri kuitsitsa, chifukwa pamene inali pamatsala chipsera pamalo oonekera, pamwamba pa bere, ndipo khungu limene linachotsedwa silibwereranso. Mukadzamva dokotala akulonjeza kuti aiika paliponse pamene inu mukufuna, muchenjere naye.

Mtunda umene nkhumbu ikuyenda ndi umene umalamula kukula kwa zipsera. Ngati ikukwera sentimita imodzi kapena ziwiri zokha, kucheka mozungulira bwalo lakuda n'kokwanira, ngakhale kuti njira imeneyi imatha kuphwatalalitsa bere ndi kukulitsa bwalolo pakapita nthawi. Ikamakwera kuposa pamenepo, pamawonjezeka mzere wotsika kuchokera pa bwalo kukafika pa khwinya. Kwa bere limene lafika gawo lachitatu, kawirikawiri pamafunikanso mzere wachitatu wotsata khwinya lenilenilo, moti chipsera chonse chimaoneka ngati chilembo T chozondoka chokhala ndi kabwalo pamwamba, potsata kalembedwe kamene dokotala Robert Wise anafotokoza mu 1956. Bwalo lakuda nalonso limachepetsedwa, nthawi zambiri kufika pa masentimita 4 kapena kupitirira pang'ono.

Zipsera zimenezi sizichoka, zimangozimirira, ndipo ife akhungu lakuda tili ndi chifukwa china chosinkhasinkha. Ambiri mwa ife zipsera zathu zimada kuposa khungu, ndipo ena zimafufuma n'kukula kupitirira bala, zimene madokotala amati keloid. Chifuwa ndi amodzi mwa malo amene zipsera zotere zimakonda. Yang'anani pamene munaboola makutu, pa katemera wa pamkono, pa mphini ngati munatemedwapo, kapena pamimba ngati munabereka kudzera pa opaleshoni. Ngati pena mwa malo amenewa panatuluka chotupa cholimba chonyerenyetsa, muuzeni dokotala poyamba pomwe, ndipo ine ndikanakhala inu ndikanaganiza kawiri.

Pa za kumva kukhudza, mtsempha waukulu wopita ku nkhumbu umachokera pakati pa nthiti, cha pa nthiti yachinayi, n'kulowa m'bere kuchokera mbali ya kukhwapa. Ukakokedwa kapena kuvulala, nkhumbu imachita dzanzi, ndipo kwa ena imamva mopitirira moti ngakhale nsalu imapweteka. Kwa amayi ambiri zimenezi zimatha pakapita miyezi, mwina mpaka chaka, koma alipo ena amene kumvako sikubwerera konse. Choopsa chachikulu, ngakhale sichichitika kawirikawiri, n'chakuti magazi alephere kufika, nkhumbu ide n'kufa mbali ina kapena yonse. Fodya ndiye mdani wamkulu pamenepa chifukwa amafinya timitsempha ta magazi, ndipo sindikunena wosuta yekha ayi, wofwenkha ndi woika m'kamwa yemwe. Madokotala amafuna munthu aleke masabata 4 mpaka 6 opaleshoni isanachitike ndi kupitiriza kuleka pambuyo pake. Matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kuchepa kwa magazi ziyenera kukhala zitawongoleredwa, ndipo amene akumwa ma ARV asabise, chifukwa kumwa mankhwalawa sikuletsa opaleshoni koma dokotala ayenera kudziwa. Pa msinkhu wanu ayeneranso kukujambulani mabere ndi makina a mammogram asanakhudze chilichonse.

Dziwaninso kuti kukweza sikudzaza. Ngati mbali ya pamwamba pa bere inafota, idzakhalabe yofoterako, pokhapokha dokotala ataikamo chodzazira monga kathumba ka silicone, ndipo kuphatikiza ziwirizi nthawi imodzi kumawonjezera mavuto amene angabuke.

Opaleshoni yokha imatenga maola awiri kapena atatu munthu atagonetsedwa tulo, koma kwa inu nkhani yaikulu ndi ya pambuyo pake. Kwa masabata pafupifupi 6 simuyenera kunyamula cholemera, ndipo mudzavala kamisolo usana ndi usiku. Thumba la mbatatesi, ndowa yamadzi yotukula kuika pamutu, musi, khasu, ngakhale mdzukulu wobereka kumbuyo mfundo ya chitenje itafinya pachifuwa, zonsezi zingang'ambe ulusi. Pezani wokugwirirani benchi miyezi iwiri. Basi yochokera ku Johannesburg kudzera pa Beitbridge ndi Tete mpaka pachipata cha Dedza imayenda kupitirira tsiku lathunthu, ndipo kukhala chopinda miyendo nthawi yaitali chotero munthu atangochitidwa opaleshoni kungachititse magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo. Musakwere basi kapena ndege mpaka dokotala amene anakuchekani ataona mabala n'kuvomereza. Mng'ono wanu atsimikize kuti dokotalayo analembedwa m'kaundula wa Health Professions Council of South Africa ngati katswiri wa opaleshoni yokonza ziwalo, monga mmene kuno timafunsira ku Medical Council of Malawi. Akatswiri oterewa kwathu kuno ndi ochepa, ndipo m'zipatala zaboma nthawi yawo imathera pa ana opsa ndi moto, obadwa ndi milomo yong'ambika ndi odwala zotupa, choncho opaleshoni yofuna maonekedwe munthu amalipira yekha.

Za khungu losupukalo musadikire Johannesburg. Muzipukuta bwino kunsi kwa mabere mukasamba, muziikapo kansalu kathonje kouma, ndipo kuchipatala chaching'ono cha kwanuko angakupatseni mafuta ophera mafangasi monga clotrimazole.

FUNSO

Ndili ndi zaka 26 ndipo mwana wanga woyamba ali ndi miyezi 7. Anzanga akundiuza kuti ndimuletse kuyamwa msanga mabere asanagwe, koma apongozi anga akuti mwana ayamwe mpaka ayende. Ine ndikufuna ana ena awiri. Ndikapanga opaleshoni yokweza mabere mwana uyu akaleka kuyamwa, kodi enawo ndidzawayamwitsa? Nanga mafuta amene akutsatsa pa Facebook amakweza nkhumbu?

Mphunzitsi, Bembeke

YANKHO

Achemwali, pa mlandu uwu apongozi anu awina. Chimene chimagwetsa mabere ndi pathupi, osati kuyamwitsa. Mkati mwa bere muli timinyewa tonga ulusi timene timalimangirira ku khungu ndi ku chifuwa, ndipo dokotala wa ku England, Astley Cooper, anatifotokoza mu 1840. Mayi akaima, bere limakula ndi kulemera pokonzekera mkaka, ulusiwo ndi khungu zimatanuka, ndipo zimenezi zimachitika kaya mwanayo adzayamwa kapena ayi. Mkaka ukauma bere limaphwa, koma khungu silibwerera lonse mwakale, choncho nkhumbu imatsika. Mu 2008 dokotala Brian Rinker ndi anzake a ku University of Kentucky ku America anafalitsa kafukufuku wa amayi amene anabwera kudzafuna opaleshoni ya mabere, ndipo anapeza kuti kugwa kwa mabere kunkayendera msinkhu, kuchuluka kwa mimba, kunenepa, kukula kwa mabere mayi asanaime ndi kusuta fodya. Kuyamwitsa sikunapezeke pa mndandanda umenewo. Kutanuka kumene mukukuopa kunachitika kale muli ndi pakati, ndipo kumulanda mwana bere lero sikubweza kanthu. Malangizo a Unduna wa Zaumoyo ndi a bungwe la World Health Organization ndi akuti mwana ayamwe mwakathithi miyezi 6 yoyamba, kenako apitirize kuyamwa uku akudya zina mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira.

Kuyamwitsa pambuyo pa opaleshoni kumatheka kwa amayi ambiri, popeza nkhumbu imakhala yolumikizika ku tinjira ta mkaka, koma palibe dokotala woona mtima amene angakulonjezeni kuti mkaka udzakwana. Kucheka pafupi ndi bwalo lakuda kungadule tinjira tina, ndipo kungavulaze mtsempha uja umene umanyamula uthenga mwana akamayamwa kuti mkaka utsike. Kwathu kuno, kumene chitini cha mkaka wa ana chimadya gawo lalikulu la malipiro a mphunzitsi ndipo madzi aukhondo sapezeka paliponse, kuchepa kwa mkaka wa m'mawere si nkhani yaing'ono. Komanso mimba yotsatira idzatanulanso khungu lomwelo, nkhumbu idzatsikanso ndipo bwalo lakuda lidzakulanso, moti mudzatsala ndi zipsera koma phindu lake litapita. Nthawi yoyenera ndi pamene mwatsiriza kubereka, papita miyezi yosachepera 6 mwana wotsiriza ataleka kuyamwa, ndipo thupi lanu lakhazikika pa sikelo.

Mafuta a pa Facebook angafewetse khungu, koma sangafupikitse ulusi umene watanuka mkati, ndipo sangasunthe nkhumbu ngakhale theka la sentimita. Masewera olimbitsa thupi amalimbitsa nyama ya pachifuwa imene ili kuseri kwa bere, ndipo munthu amaima mowongoka n'kuoneka bwino, koma m'bere lenilenilo mulibe nyama yoti ingalimbe ndi masewera. Ndalamazo ndi bwino mugulire kamisolo ya saizi yanu yeniyeni, osati yongotola pa kaunjika chifukwa yatchipa.

FUNSO

Ndinachitidwa opaleshoni yokweza mabere kunja kwa dziko lino zaka ziwiri zapitazo. Miyezi yoyamba ndinasangalala, koma tsopano nkhumbu zikuloza kumwamba, mbali ya kunsi yalendewera, ndipo ndikavala kamisolo bwalo lakuda limasuzumira pamwamba. Ya kumanja ndi yokwera kuposa ya kumanzere. Kodi nkhumbu zimakwera zokha? Ndingatani?

Wodandaula, Dedza Boma

YANKHO

Pepani mayi, ndipo zikomo chifukwa cholimba mtima kulemba, popeza ambiri amene zawachitikira zotere amangovutika chamumtima poopa kusekedwa. Nkhumbu siikwera yokha. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti mnofu wa bere umatsetserekera kunsi, khungu la pakati pa nkhumbu ndi khwinya limatanuka, ndipo nkhumbu, imene yatsala pamalo pake, imapendekera m'mwamba monga mmene pakamwa pa thumba pamayang'anira kumwamba chimanga chikathawira kumatako kwa thumbalo. Pomaliza opaleshoni, mtunda wochokera m'munsi mwa bwalo lakuda kukafika pa khwinya umakhala wa masentimita pafupifupi 5 mpaka 7, ndipo kwa mayi wa khungu lofewa, wa mabere olemera, kapena amene wanenepa n'kuwondanso, mtunda umenewu umatalika.

Pali mavuto awiri amene amaoneka ofanana pagalasi koma kukonza kwake n'kosiyana, ndipo tepi ndi imene imawalekanitsa. Ngati mtunda wochokera pa kadzenje ka pakhosi kufika pa nkhumbu uli woyenera thupi lanu koma wa kunsi ndi umene watalika, vuto lanu ndi lopepukirako. Dokotala amachotsa khungu lina cha pa khwinya, amamanga mnofu kuti ubwerere kuseri kwa nkhumbu, ndipo nthawi zambiri amadutsa m'zipsera zakale zomwezo. Ngati nkhumbu inaikidwa pamwamba mopitirira kuyambira pachiyambi, ntchito yake ndi yovuta, chifukwa kuitsitsa mwachindunji kumasiya chipsera pamalo amene bulauzi yotsegula pakhosi siibisa, ndipo nthawi zina dokotala amasankha kukweza bere lonse kuti lifanane ndi nkhumbu m'malo motsitsa nkhumbuyo. Mwina inu muli ndi zonse ziwiri, china mbali iyi china mbali inayo.

Kusiyana pang'ono kwa mabere awiri kuli pafupifupi pa mayi aliyense, ngakhale amene sanaonepo mpeni wa dokotala, ndipo diso la munthu wina silikuona. Koma ngati bwalo likutulukira pamwamba pa chovala, pamenepo m'pomveka kufuna thandizo. Madokotala sakonzanso bere lisanathe miyezi 6 mpaka chaka, ndipo inu nthawi imeneyo yakwana. Lemberani chipatala chimene munapitako akutumizireni lipoti la opaleshoni ndi zithunzi zimene anakujambulani poyamba. Lipotilo ndi lofunika kwambiri chifukwa limanena mbali imene mnofu wodyetsa nkhumbu unasiyidwa, kaya pamwamba, pansi kapena chamkati. Dokotala wachiwiri akacheka osadziwa zimenezi angadule njira yokhayo imene magazi akudzera, ndipo nkhumbu ingafe.

FUNSO

Ndikulemba m'malo mwa mayi a kunyumba, amene ali ndi zaka 52. Kwa miyezi itatu tsopano nkhumbu ya bere lawo lakumanzere yalowa mkati ndipo yapendekera kumbali, pamene kale inali bwinobwino. Khungu la pafupi lakhakhala ngati khoko la lalanje. Sakumva kuwawa kulikonse, choncho akuti ndi ukalamba chabe. Mwana wathu anatiwerengera za opaleshoni yokweza mabere. Kodi ingabwezeretse nkhumbuyo pamalo pake?

Bambo wa ku Nsipe, Ntcheu

YANKHO

Bambo, mwachita bwino kulemba, koma nkhani yanu si ya opaleshoni yokweza mabere, ndipo ndikukupemphani kuti mayi apite kuchipatala sabata ino. Ukalamba ndi uchembere zimagwetsa mabere onse awiri pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Sizikoka nkhumbu imodzi yokha m'miyezi itatu. Alipo amayi amene nkhumbu zawo ndi zolowa mkati chibadwire kapena kuyambira pa chinamwali, ndipo zimenezo si matenda. Koma nkhumbu imene inali yotuluka ikayamba kulowa kapena kupendekera mbali imodzi mayi ali wamkulu kale, ndiye kuti pali chinthu mkati chimene chikukoka tinjira ta mkaka ndi ulusi uja. Chingakhale kutupa kapena kutsekeka kwa tinjirato, zimene zimachitika pa msinkhu umenewu ndipo sizoopsa, koma chingakhalenso khansa ya m'mawere, ndipo khungu lokhakhala ngati khoko la lalanje ndi chizindikiro chimene madokotala sachinyozera. Kusamva kuwawa kusakupusitseni, chifukwa khansa ya m'mawere nthawi zambiri imayamba mosapweteka, ndipo n'chifukwa chake amayi ambiri kwathu kuno amafika kuchipatala matenda atapita kale patali.

Kuchokera ku Nsipe, chipatala cha boma cha Ntcheu sichili kutali. Kumeneko akawayeza mabere onse awiri ndi m'khwapa, ndipo ngati pakufunika akawatumiza ku chipatala chachikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe kapena Queen Elizabeth ku Blantyre kuti akajambulidwe ndi kutengedwa kachidutswa ka mnofu ndi singano kokayeza. Kachidutswa kameneko ndi kamene kamanena zoona, ndipo kukatenga sikufalitsa matenda monga ena amanenera. Pakadali pano asatemere mphini, asathowe ndi madzi otentha, ndipo asafinye kapena kukoka nkhumbuyo.

Popita atenge buku lawo la kuchipatala, ndipo inu muwaperekeze. Akafika asangonena kuti bere likuvuta. Anene mwezi umene anayamba kuona kusinthaku, ngati pa nkhumbu pamatuluka madzi kapena magazi, ngati m'bere kapena m'khwapa muli kambulu, ndiponso ngati mayi awo, achemwali awo kapena azakhali awo anadwalapo bere. Akapatsidwa tsiku lobwerera kapena kalata yopita nayo ku Lilongwe, ndalama ya minibasi ipezeke tsiku lomwelo, ngakhale zitatengera kugulitsa mbuzi.